Kampeni kopinda ka ku ofesi: zoyenera kuchita kakayamba kuvuta kuno ku Mangochi

Kampeni kopinda kamene munthu amayenda nako m'thumba popita ku ofesi sikagwira ntchito yolemera. Kamatsegula maenvulopu, kamadula selotepi ya pa katoni ya mapepala, kamasongola pensulo, kamachotsa ulusi wolendewera pa malaya, ndipo nthawi ya nkhomaliro kamasenda mango kapena lalanje. Komabe madandaulo a eni timipeni timeneti amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka: kalimba potsegula, kabuntha, kachita dzimbiri, kayamba kugwedera. Kuno ku Mangochi mavutowa amafika msanga kusiyana ndi kumadera ozizira monga Dedza, chifukwa tili pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, mtsinje wa Shire ukudutsa pa boma penipeni, ndipo mpeni umakhala tsiku lonse m'thumba lofunda, lonyowa ndi thukuta, lomwe pansi pake sipalephera kukhala timchenga.

Zambiri mwa zovutazi zimachokera ku litsiro, chinyontho ndi kagwiritsidwe ntchito kolakwika, osati kutha kwa chitsulo. N'chifukwa chake pa chizindikiro chilichonse m'munsimu ndayamba ndi zomwe zimachitika kawirikawiri n'kumalizira ndi zosowa, ndipo ndikupemphani kuti mutsate ndondomekoyo musanatenge pulayala kapena nyundo.

Dziwani kaye mtundu wa mpeni wanu

Kakonzedwe kamasiyana malinga ndi momwe mpeniwo unapangidwira.

- Pali mipeni yopanda loko (kachitsulo kogwira mpeni kuti usapindike wokha ukatseguka), yomwe chitsulo chake chodulira chimagwidwa ndi sipuling'i ya kumsana basi. Chitsanzo chodziwika ndi timipeni tofiira ta Victorinox, kampani ya ku Ibach m'dziko la Switzerland yomwe inayamba ndi Karl Elsener mu 1884. Kakang'ono kotchedwa Classic ndi kotalika mamilimita 58 kakapindidwa. Timeneti tinakhomedwa ndi misomali yosamasuka, choncho sitiphwasulidwa.
- Pali Opinel wa ku France, wa chigwiriro cha mtengo ndi mphete yachitsulo yomwe mumaizunguza kuti itseke chitsulo chodulira. Mpheteyo anaiwonjezera mu 1955.
- Pali Okapi, amene abale athu ambiri amabwera naye kuchokera ku Joni. Anayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, koma kuyambira mu 1988 amapangidwa ku South Africa. Kuti mumupinde mumakoka kamphete ka kumsana.
- Pali mipeni yamakono yomangidwa ndi tibawuti, yomwe mkati mwa chigwiriro muli kachitsulo kopyapyala kamene kamalowa kuseri kwa chitsulo chodulira mpeni ukatseguka, ndipo kameneka ndiko loko yake.

Onaninso mawu olembedwa pa chitsulo. Pakalembedwa kuti stainless kapena inox, ndiye kuti chitsulocho chili ndi chitsulo china chotchedwa chromium chosachepera magawo 10.5 pa 100 alionse ndipo sichichita dzimbiri msanga. Pakalembedwa kuti carbon kapena carbone, chitsulocho chimanoleka mosavuta n'kuthwa bwino, koma chimafuna chisamaliro cha tsiku ndi tsiku.

Chizindikiro choyamba: mpeni walimba, ukuvuta kutsegula kapena kupinda

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse, ndipo anthu ambiri athyola chikhadabo polimbana nalo.

1. Litsiro ndi mchenga popindikira. Tsegulani mpeni pang'onopang'ono pafupi ndi khutu, ndipo mukamva kukhwekhwereza, ndiye kuti muli mchenga. Muunikire ndi tochi ya foni mkati mwa chigwiriro: mupezamo tiulusi ta nsalu ya m'thumba titaumbika pamodzi ndi fumbi. Zimenezi zimachuluka kwambiri kwa amene amakonda kukakhala pa mchenga ku Makawa kapena ku Cape Maclear kumapeto a sabata, komanso miyezi imene mphepo ya mwera ikuulutsa fumbi.
2. Madzi a zipatso ndi zomata za selotepi. Madzi a mango akalowa popindikira amauma n'kukhala ngati ulimbo, ndipo fumbi lililonse limakakamira pomwepo.
3. Mafuta ophikira. Ambiri amathira kadontho ka mafuta a kukhitchini poganiza kuti akuthandiza, ndipo kwa masiku angapo mpeni umayendadi bwino. Koma m'nyengo yotentha ngati yathu mafutawo sachedwa kuuma, kununkha ndi kunata, moti mpeni umalimba kuposa poyamba.
4. Chigwiriro cha mtengo chatupa. Izi zimachitika pa mipeni monga Opinel nthawi ya dzinja, pamene mtengo wayamwa chinyontho n'kufinya chitsulo.
5. Bawuti ya popindikira yamangidwa kwambiri, kapena chigwiriro chinaphwanyika pang'ono mpeni utagwa pa simenti kapena munthu ataukhalira.

Pa zifukwa zitatu zoyambirira mankhwala ake ndi amodzi. Thirani madzi ofunda m'kapu, onjezerani kadontho ka sopo wotsukira mbale, ndipo muviike mpeniwo n'kumautsegula ndi kuupinda kangapo uli m'madzimo kufikira utayamba kuyenda momasuka. Chotsani zotsalira m'ngalande ya chigwiriro ndi mswachi wakale komanso kamtengo ka machesi kosongola. Mukatsukuluza, ukutumuleni mwamphamvu, muupukute, kenaka muusiye chotsegula pamalo odutsa mphepo kwa maola angapo, chifukwa madzi obisala mkati ndiwo amadzabala dzimbiri. Ukauma, ikani kadontho kamodzi kokha ka mafuta a makina osokera popindikira, mutsegule ndi kupinda kangapo, n'kupukuta onse osefukira. Mafuta amenewa mungawapeze kwa atelala kapena m'sitolo zogulitsa zipangizo zosokera. Ngati mpeniwo mumadyera zipatso, funsani ku famase mafuta oyera otchedwa liquid paraffin, omwe ndi osiyana kotheratu ndi palafini wa nyali, ndipo sawola. Mafuta opopera otchedwa WD-40 amathandiza kutulutsa madzi ndi kumasula zomata, koma sakhalitsa ngati mafuta ofewetsa, komanso asafike pa chakudya.

Mpeni wa chigwiriro cha mtengo musauviike m'madzi, chifukwa kutero n'kuwonjezera vuto. Ugwireni cha kumphete, mugogode kumapeto kwa chigwiriro pa tebulo kuti nsonga ya chitsulo itulukire, kenaka muusiye chotsegula pamalo ouma kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mtengo ukaphwa, pakani sera ya kandulo pang'ono m'ngalande pafupi ndi popindikira kuti chinyontho chisamalowe msanga.

Ngati mwatsuka ndi kuthira mafuta koma palibe kusintha, ndipo mpeni wanu ndi wa tibawuti, masulani bawuti yapakati pang'ono kwambiri, osafika ngakhale kota ya kuzungulira kumodzi. Tibawuti tambiri timakhala ndi mutu wa nyenyezi, wa saizi ya T6 kapena T8, ndipo okonza mafoni mumsika amakhala ndi timasikuludilaiva take. Musayese ndi nsonga ya mpeni wina, chifukwa mutu wa bawuti ukadyeka palibenso chomasulira. Chigwiriro chophwanyika mkati chisiyireni mmisiri.

Chizindikiro chachiwiri: mpeni ukubuntha msanga, ukung'amba pepala m'malo modula

1. Chitsulo chamatidwa ndi guluu wa selotepi. Nthawi zambiri mpeni umene mwini wake akuti wabuntha umakhala wakuda chabe. Pukutani chitsulo ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, kenaka yesaninso. Samalani kuti spiritiyo asagwere pa chigwiriro cha pulasitiki, chifukwa amatha kuchichotsa kuwala.
2. Kudulira pa chinthu cholimba. Mbale yadothi, galasi la pa desiki, simenti ndi timawaya ta stepula zimapinda mbali yakuthwa nthawi yomweyo. Ikani katoni yakale kapena kathabwa pansi pa chomwe mukudula.
3. Makatoni ochuluka. Katoni imaoneka yofewa, koma imadya chitsulo kwambiri. Amene amagwira ntchito ku sitolo ya katundu wa ofesi ndi bwino akhale ndi mpeni wa malezala osinthasintha, kampeni kabwino kasungidwire ntchito zopepuka.
4. Kunola kolakwika, makamaka kusinthasintha kapendekedwe ka chitsulo pa mwala.
5. Chitsulo chinapsa pa gilayinda, kapena chinali chofewa kuchokera kufakitale.

Kuti mudziwe pamene pabuntha, gwirani mpeni pansi pa kuwala mbali yakuthwa italoza m'mwamba. Mbali yakuthwa bwino sinyezimira, choncho paliponse pamene mukuona kamzere kowala ndiye pamene papindika kapena paphwanyika. Musayese kuthwa ndi chala. Yesani pa pepala la nyuzipepala.

Ponola, chofunika kwambiri ndi kusunga kapendekedwe kamodzi, pafupifupi madigiri 20 mbali iliyonse. Njira yosavuta yopezera mulingowu ndi kuimika chitsulo chilili pa mwala, kuchipendeketsa theka, kenaka kuchipendeketsanso theka la pamenepo. Musanayambe, detsani mbali yakuthwa ndi cholembera cha inki yosafufutika. Mukakhuza kawiri kapena katatu, yang'anani: ngati inki yachoka kunsonga kwenikweni kwa mbali yakuthwa, mwalondola, koma ikachoka m'mwamba mokha ndiye kuti mwagoneka chitsulo kwambiri. Pitirizani mbali imodzi kufikira mbali inayo itatuluka kamlomo kopyapyala kamene kamakoda chikhadabo mukachitsetsereka kuchokera kumsana, kenaka mutembenuze n'kuchita chimodzimodzi. Pomaliza khuzani mpeni cham'mbuyo pa lamba wachikopa, msana uli patsogolo, kuti kamlomoko kachoke. Anthu ambiri amadumpha gawo lomalizali, ndipo n'chifukwa chake mpeni umathwa lero mawa n'kubuntha.

Ngati mulibe mwala wonolera, sandipepa wosaopa madzi wa nambala 600 ndi 1000 womatidwa pa galasi amagwira ntchito bwino. Kamkombero kopanda utoto ka pansi pa kapu yadothi ya tiyi kamathandizanso kudzutsa mpeni umene sunabunthe kwambiri.

Pa gilayinda ndiye ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Makina amene amanola zikwanje, nkhwangwa ndi makasu mumsika ndi abwino pa ntchito yawo, koma kampeni kopyapyala amakadya m'kamphindi, ndipo kutentha kwake kumafewetsa chitsulo. Mukaona mbali yakuthwa yasanduka yabuluu kapena yofiirira ngati udzu wouma pambuyo ponola, dziwani kuti chitsulo chapsa ndipo sichidzasunganso kuthwa kufikira gawo lopsalo litachotsedwa pa mwala ndi manja.

Chizindikiro chachitatu: dzimbiri ndi mawanga

1. Thukuta. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene munthu amafika ku ofesi malaya atanyowa ngakhale wangokwera kabaza mtunda waufupi, mchere wa m'thukuta umalowa m'thumba n'kufika pa mpeni.
2. Kupinda mpeni usanaume, mutatsuka kapena mutasenda chipatso.
3. Mchere ndi asidi wa chakudya: mango aawisi othira mchere, mandimu, tomato, nsomba.
4. Kusunga mpeni m'kachikwama kachikopa kwa nthawi yaitali, poti chikopa chimasunga chinyontho.

Siyanitsani kaye zinthu ziwiri. Chitsulo cha carbon chikadula zipatso chimada n'kukhala chotuwa kapena chakuda mosalala, ndipo kumeneko si kuwonongeka ayi, mtundu umenewo umatetezako chitsulo. Dzimbiri lenileni ndi lofiira, lokhakhala, ndipo limadetsa nsalu yoyera. Chitsulo cha stainless nachonso chimachita timadontho tofiira chikakhalitsa ndi mchere, makamaka pafupi ndi popindikira.

Dzimbiri lapamwamba limachoka ndi phala la soda wophikira ndi madzi pang'ono, mukakhuza ndi kansalu kokhuthala. Lokakamira limafuna waya wofewa wotsukira miphika ndi kadontho ka mafuta, mukukhuza motsata mizere ya chitsulo. Viniga amachotsa dzimbiri, koma musaviikemo mpeni usiku wonse, chifukwa amadya chitsulo ndi kuchidetsa. Mukamaliza, tsukani, umitsani ndi kupaka mafuta ochepa kwambiri.

Pofuna kupewa, pukutani mpeni madzulo aliwonse, ndipo nyengo yotentha muziuika m'chikwama cha mapepala m'malo mwa thumba la buluku. Mukausunga m'dirowa kwa nthawi yaitali, ikani pambali pake timapaketi toyamwa chinyontho tija timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano.

Lekerani pomwepo ngati dzimbiri laboola timaenje tozama pa sipuling'i kapena pa loko. Sipuling'i yodyeka imathyoka mosachenjeza.

Chizindikiro chachinayi: chitsulo chikugwedera

Gwirani kumsana kwa chitsulo, mpeni uli chotsegula, ndipo muchigwedeze mofatsa. Njira imene chikugwederera ndiyo ikuuzeni gwero la vuto.

- Chikagwedera cham'mbali, kawirikawiri bawuti yapakati yamasuka. Imangeni pang'onopang'ono, mukuyesa kutsegula nthawi iliyonse, kufikira kugwedera kutatha koma mpeni ukutsegukabe bwino. Ikamamasukanso, kadontho ka penti ya zikhadabo pa mizere ya bawuti kamaigwira.
- Ngati mpeniwo ndi wa misomali yokhomerera, ndiye kuti msomali watanuka chifukwa chotsegulira zitini kapena kukanulira dirowa. Wosula zitsulo kapena wokonza mawotchi waluso angaukhomerere ndi kanyundo kakang'ono. Mukamenya nokha mopitirira muyeso, mpeni sudzatsegukanso.
- Chikagwedera chokwera ndi kutsika, vuto lili pa loko kapena pa sipuling'i, ndipo muwerenge gawo lotsatirali musanaugwiritsenso ntchito.

Chizindikiro chachisanu: mpeni ukupindika wokha podula, kapena ukutseguka m'thumba

Apa si nkhani ya kukongola kwa mpeni, koma ya zala ndi ntchafu zanu.

1. Litsiro latsekereza pamene loko imalowa. Ulusi wochepa chabe m'kamphako ka loko ya kumsana ndi wokwanira kuilepheretsa kugwira. Tsukani monga tafotokozera, ndipo musathire mafuta pa nkhope ya loko.
2. Mukugwiritsa ntchito mpeni wopanda loko ngati chobooleza. Mpeni wa sipuling'i unapangidwa kuti uzidula mbali yakuthwa ili kutsogolo. Mukabaya nawo katoni kapena kukanikiza kumsana, udzapindikira pa zala zanu ngakhale uli watsopano.
3. Nsonga ikutulukira kunja kwa chigwiriro mpeni utapindidwa. Zimachitika pamene m'ngalande mwadzaza zinyalala, kapena pamene mpeni wanoledwa zaka zambiri mpaka chitsulo kuchepa. Makiyi ndi makobidi a m'thumba amakola nsongayo n'kuutsegula.
4. Sipuling'i yafooka, kapena loko yadyeka.

Mukatsuka, yesani motere: tsegulani mpeni, gwirani chigwiriro m'mbali zala zonse zili kutali ndi ngalande, kenaka kanikizani kumsana kwa chitsulo ndi dzanja linalo. Loko ikatsetsereka ngakhale kamodzi, usiyeni mpeniwo kunyumba. Musayese kupinda kachitsulo ka loko ndi pulayala, ndipo musalole kuti wina awotcherere sipuling'i yothyoka, chifukwa moto umachotsa mphamvu yake yobwerera. Ngati unagulidwa kwa wogulitsa wovomerezeka, ubwezeni komweko. Mpeni wotchipa umene loko yake yalephera ndi wofunika kuutaya, mutaukulunga bwino m'katoni ndi selotepi kuti usavulaze ana kapena otola zinyalala.

Nsonga yathyoka, kapena chigwiriro chamatuka

Nsonga imathyoka chifukwa chomasulira tibawuti kapena kuzulira timawaya ta stepula. Ngati kachidutswa kothyokako ndi kakang'ono, palani kumsana kwa chitsulo ndi tupa kapena mwala kuti msana utsike n'kukumana ndi mbali yakuthwa. Mukapala mbali yakuthwayo, nsonga yatsopano idzatulukira kunja kwa chigwiriro. Chigwiriro chomatuka chimabwerera ndi guluu wosakaniza machubu awiri, bola asalowe popindikira. Cha fupa, nyanga kapena mtengo chimang'aluka chikasiyidwa m'galimoto yoima padzuwa.

Vuto losakhudza chitsulo: anzanu akuda nkhawa, kapena mlonda wakubwezani pachipata

Chifukwa chofala kwambiri ndi maonekedwe ndi kukula kwa mpeni. Kampeni kofiira kolendewera pa makiyi anthu amakaona ngati chipangizo, koma mpeni wautali wotseguka ndi phokoso amauona ngati chida, ndipo Okapi makamaka ali ndi mbiri yoipa imene inachokera ku ndewu za m'makomboni a ku South Africa, ngakhale kuti alimi ndi asodzi amamugwiritsa ntchito mwamtendere. Chachiwiri ndi kachitidwe ka mwini wake. Tsegulani ndi manja awiri, pansi pafupi ndi desiki, dulani chomwe mukufuna, pindani ndi kubweza m'thumba. Musamalozere nawo munthu polankhula, musausiye chotsegula pa tebulo, ndipo mnzanu akabwereka mumupatse uli chopinda. Chachitatu ndi malamulo a pamalopo. Funsani akuluakulu a pantchito panu, makamaka ngati mumagwira pa sukulu, pachipatala, ku banki kapena pamalo olandirira alendo.

Pali malo amene ndi bwino kuusiya kunyumba osafunsanso: kukhoti, kundende, ku bwalo la mpira, ku misonkhano ya ndale ndi ku zionetsero, komanso kumowa. Mukamakwera ndege ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport, uikeni m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege, chifukwa m'chikwama cha m'manja akaulanda. Wapolisi kapena mlonda akakufunsani, nenani modekha kuti muli ndi kampeni ndi komwe kali musanalowetse dzanja m'thumba.

Mukadzicheka

Tsukani balalo ndi madzi oyera ndi sopo, kanikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira, dzanja litakwezedwa m'mwamba. Musathire fumbi, phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Pitani ku chipatala chachikulu cha boma kapena kuchipatala chilichonse chapafupi mosazengereza ngati:

- magazi sakuleka, kapena akutuluka mothovoka;
- bala layasama moti likufunika kusokedwa;
- chala chachita dzanzi, kapena chikukanika kupinda ndi kuwongoka, zomwe zingasonyeze kuti mtsempha waduka;
- bala ndi lozama, mpeni unali wakuda, ndipo papita zaka zambiri chilandirireni katemera wa kafumbata;
- patapita masiku angapo balalo latupa, latentha, likutuluka mafinya, kapena mwayamba kumva malungo.

Amene ali ndi matenda a shuga kapena amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi asadikire zizindikiro zonsezi, koma akaonetse balalo tsiku lomwelo.